Peyirolo ya mwezi uno yandiwawa mtima

Anzanga a ku akaunti sabata ya peyirolo, yokonza malipiro a antchito, mukuidziwa kale, Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija, kuthamangitsa ma timesheet, sisitimu kumangogwa, mafomu a alawansi kubwera mochedwa. Zimenezo tinazolowera.

Lachitatu ndi lomwe landisowetsa tulo. Ndikulowetsa ma increment, ndalama zowonjezera pa malipiro, ndinaona mayina awiri ondondozana, la mnyamata ndi la mayi, giredi imodzi ntchito imodzi, koma mnyamatayo akulandira zambiri kuposa mayiwo, pomwe mayiwa ndi amene anamuphunzitsa ntchito atangofika kumene. Ndinkayesa ndalakwitsa ndine ndiye ndinatsegula mafayilo awo. Ayi ndithu, zili choncho. Mnyamatayo polowa anamufunsa zomwe ankalandira kwakale nkumuwonjezera pamenepo, mayiwa anangowauza kuti giredi iyi imayambira apa basi. Kenako chaka chatha nthawi ya appraisal, younika kagwiridwe ka ntchito, mayiwa anali kutchuthi kokabereka, fomu yawo palibe anaidzaza, increment inawadutsa, ndipo poti increment timawerengera peresenti ya zomwe munthu ukulandira kale, mpatawo uzingokula chaka ndi chaka mpaka kukafika ku penshoni. Ndiye pali ovataimu ndi maulendo a alawansi, abwana amangopatsa azibambo ati amayi ali ndi ana asavutike, osawafunsa nkomwe eni akewo.

Ndinapita kwa a HR, oyang'anira za antchito, ndi mapepala onse awiri. Yankho lawo linali loti malipiro ndi chinsinsi, inu ingolowetsani. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa chinsinsi chimenecho ndi chomwe chikupangitsa kuti mayiwa asadziwe kuti akuberedwa. Pangano la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, loti ntchito yofanana malipiro akhale ofanana ndi la 1951, koma mpaka pano bungwe lomwelo limati padziko lonse amayi amalandira zochepera ndi pafupifupi 20 peresenti. Claudia Goldin, katswiri wa zachuma yemwe anapata Nobel mu 2023, anawonetsa kuti mpatawo umakula kwambiri mwana woyamba akangobadwa. Ine ndaziona ndi maso anga pa kompyuta yanga.

Lachinayi ndinalemba memo yopempha kuti appraisal yawo ichitike ndipo awabwezere ma arrears, ndalama zomwe zinawadutsa, ndasunga kope. Sanayankhebe.

Lachisanu fayilo ya ku banki inapita ndi manambala omwe aja, ndipo wosayinira ndinali ine. Madzulo mayiwo anadutsa pa desiki panga kundifunsa ngati malipiro alowe Lolemba, ndinangoti eya mayi alowa, kuwayang'ana kumaso ndinalephera.