Asilikali akaona kuwala kosadziwika kumwamba: mmene amafufuzira ndi pamene amasokonekera

Kuyambira 1947 mpaka 1969, asilikali a ndege a dziko la America analandira malipoti 12,618 a zinthu zouluka zosadziwika, zimene ambiri amangoti ma UFO. Ntchito yofufuza inayamba ndi dzina la Project Sign, kenako Project Grudge, ndipo kuchokera mu 1952 inkatchedwa Project Blue Book. Likulu lake linali ku bwalo la ndege zankhondo la Wright-Patterson, pafupi ndi mzinda wa Dayton ku Ohio. Pamene ankaitseka, malipoti 701 anatsala osadziwika. Enawo anapezeka kuti anali ndege, zibaluni, masetilaiti, nyenyezi, mapulaneti ndi miyala yoyaka yochokera mumlengalenga, kapena analibe mfundo zokwanira kuti munthu n'kugamulapo kanthu.

Asilikali sankafufuza chifukwa chofuna kukumana ndi alendo a kudziko lina. Ankaopa Soviet Union. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti kodi chinthucho chingakhale ndege kapena chida cha mdani. N'chifukwa chake analemba ntchito katswiri wa zakuthambo, J. Allen Hynek, kuti azichotsa kaye malipoti onse amene nyenyezi ndi mapulaneti angawafotokoze.

Kuti kusefa kumeneku kutheke pamafunika zinthu zisanu: malo amene munthu anaima, tsiku ndi nthawi yeniyeni, mbali imene anayang'ana, ndi kutalika kwa chinthucho kuchokera m'munsi mwa thambo m'madigiri. Chachisanu ndi kutalika kwa nthawi imene chinaonekera. Zimene mboni imanena za kukula, mtunda ndi liwiro n'zosathandiza kwenikweni. Usiku diso silingayeze mtunda wa kuwala kumene silikudziwa kukula kwake, ngakhale mwini diso akhale woyendetsa ndege wa zaka zambiri. Wina akati "chinali pamtunda wa makilomita awiri, kukula kwake ngati basi," wofufuza wabwino amalemba mawuwo koma sawawerengera. Amamufunsa kuti aloze ndi dzanja. Chibakera cha munthu wamkulu atatambasula mkono chimaphimba madigiri pafupifupi 10, kachala kakang'ono pafupifupi digiri imodzi, pamene mwezi wathunthu ndi theka la digiri basi. Anthu ambiri amakweza nambala: chinthu chimene chili pa madigiri 20 amachiika pa 45.

Kutalika kwa nthawi kumagawa malipoti msanga. Chinthu chowala chimene chadutsa m'masekondi osakwana asanu nthawi zambiri ndi mwala wa mumlengalenga, umene umalowa mumpweya pa liwiro la makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi n'kuyakira pamtunda wa makilomita 80 mpaka 120. Popeza uli pamwamba chonchi, anthu otalikirana makilomita mazanamazana amauona nthawi imodzi, ndipo aliyense amalumbira kuti wagwera kuseri kwa phiri la kwawo. Chikatenga theka la mphindi kapena kuposa, chikuyenda chopingasa n'kumagawanika tizidutswa totsatana, ganizirani za chidutswa cha roketi chimene chikubwerera padziko pa makilomita osakwana 8 pa sekondi. Izi n'zimene zinaoneka ku Zimbabwe ndi mayiko oyandikana nawo usiku wa pa 14 Seputembala 1994, pamene mbali ya roketi imene inanyamula setilaiti ya Russia ya Cosmos 2290 inkapsa mumlengalenga. Kuwala kosaphethira kodutsa thambo m'mphindi zitatu kapena zisanu, dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, ndi setilaiti. Koma chinthu chikakhala ola lathunthu kapena kuposa, woyamba kumukayikira ndi pulaneti kapena nyenyezi.

Apa m'pamene Nthanda, pulaneti ya Venus, imavutitsa. Kupatula dzuwa ndi mwezi, palibe china chachilengedwe chokhalitsa kumwamba chowala kuposa iyo. Sitalikirana ndi dzuwa kupitirira madigiri 47, choncho imaoneka kumadzulo dzuwa litalowa kapena kum'mawa lisanatuluke, ndipo nthawi zambiri imakhala m'munsi, pamene munthu amayembekezera kuona nyali ya ndege. Lipoti lonena za kuwala kumene kunali pamwamba penipeni pakati pa usiku silingakhale la Nthanda, ngakhale wina aumirire bwanji. Jupiter ndiye angathe kufika pamenepo.

Funso limene mboni imafunsa n'lakuti: nanga bwanji chinkayenda ndi kusintha mitundu? Mayankho alipo atatu. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, motero nyenyezi imasunthadi, pang'onopang'ono, kulowera kumadzulo. Chachiwiri, munthu akayang'anitsitsa kadontho kowala mumdima popanda mtengo kapena denga loyerekezera, maso ake amakachititsa kuoneka ngati kakugwedezeka uku ndi uku. Oyendetsa ndege amaphunzitsidwa za chinyengo chimenechi. Chachitatu, kuwala kwa nyenyezi imene ili m'munsi penipeni kumadutsa mpweya wochuluka kuwirikiza maulendo oposa 30 poyerekeza ndi imene ili pamutu, ndipo mpweyawo umakuphwanya kukhala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu mosinthanasinthana. Sirius, nyenyezi yowala kwambiri usiku, ndiye katswiri pa zimenezi. Muonjezere mitambo yopyapyala yothamanga ndi galimoto yoyenda, basi chinthucho chayamba "kulondola" munthu.

Njira yotsimikizira ndi yotchipa. Bwererani pamalo omwewo mawa lake nthawi yomweyo. Ngati kuwala kulipo, ndipo kukufika pa nthambi imodzimodzi ya mtengo mphindi zinayi msanga usiku uliwonse, ndi nyenyezi. Mapulaneti amasemphanako pang'ono chifukwa nawonso akuyenda. Asilikali a India anachita kuitanitsa akatswiri pa nkhani yonga iyi. Pakati pa Ogasiti 2012 ndi Febuluwale 2013, a pamalire a India ndi China ku Ladakh analemba maulendo 329 amene anaona zowala zimene ankaziganizira kuti ndi madroni a China. Akatswiri a Indian Institute of Astrophysics atayerekeza mbali ndi kutalika kwake usiku ndi usiku, anapeza kuti anali Jupiter ndi Venus. Zinkatulukira kum'mawa, kumene kuli China, n'kumalowera kumadzulo ngati zikudumpha malire.

Nkhani ya m'nkhalango ya Rendlesham ku England, mu Disembala 1980, ikuonetsa vuto lina: zinthu zingapo zosiyana kuphatikizidwa kukhala nkhani imodzi. Asilikali a America a pa bwalo la ndege zankhondo la RAF Woodbridge anaona kuwala kukutsikira m'nkhalango cha m'ma 3 koloko m'bandakucha pa 26 Disembala, nthawi imene mwala wowala kwambiri unaoneka kumwera kwa England. Atalowa m'nkhalango anaona nyali yophethira chakum'mawa, mbali imene kunali nsanja ya nyali yotsogolera sitima zapamadzi ya Orford Ness, pamtunda wa makilomita 8, imene inkawala masekondi asanu aliwonse. Usiku wina wotsatira, wachiwiri kwa mkulu wa malowo, Charles Halt, anaona zonga nyenyezi zitatu m'munsi mwa thambo, ndipo chakumwera chinakhala maola awiri kapena atatu. Sirius anali mbali imeneyo. Kalata imene Halt analemba pa 13 Januwale 1981 inaphonya madeti, ndipo munthu wofufuza za mwala uja potsatira kalatayo akanayang'ana usiku wolakwika. Ena mwa amene analipo amakanabe mafotokozedwe amenewa mpaka lero.

Asilikali nawonso ankathamangira yankho la Nthanda mosayenera. Pa 7 Januwale 1948, Kaputeni Thomas Mantell anathamangitsa chinthu chachikulu choyera masana ku Kentucky pa ndege ya F-51 yopanda okosijeni. Anzake anabwerera, iye anapitiriza kukwera, anakomoka, ndege inagwa pafupi ndi Franklin ndipo anamwalira. Yankho loyamba linali Venus, chifukwa inalidi chakomweko. Koma masana Venus ndi kadontho kovuta kukapeza, pamene anthu a pansanja ya bwalo la ndege la Godman ankanena za chinthu chokhala ndi maonekedwe. Edward Ruppelt, mkulu woyamba wa Blue Book, atabwereza nkhaniyi anaona kuti choyenera kwambiri chinali chibaluni chachikulu cha Skyhook, ntchito yachinsinsi ya asilikali apamadzi imene Mantell sakanaidziwa, ndipo Hynek anasiya kunena za Venus. Kupezeka kwa pulaneti mbali imeneyo sikokwanira. Kuwala, maonekedwe ndi nthawi yolowera ziyenera kugwirizananso. Hynek anadzadandaula kuti malipoti olembedwa kuti "mwina nyenyezi" ankasanduka "nyenyezi" powerengera pakutha pa chaka. Pamenepo ananena zoona, ndipo ndi chifukwa chake manambala a Blue Book amafunika kuwawerenga mosamala.

Masiku ano mapulogalamu aulere monga Stellarium amaonetsa thambo la malo alionse pa deti lililonse, ntchito imene kale inkafuna matebulo ndi pensulo. Zolakwika zofala n'ziwiri. Malipoti a asilikali nthawi zambiri amalembedwa pa nthawi imene iwo amaitcha ya Zulu, imene ndi UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, pamene Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali patsogolo ndi maola awiri; mukaiwala zimenezi thambo lonse lasuntha madigiri 30. Chachiwiri ndi kampasi, imene imaloza kumpoto kwa maginito osati kumpoto kwenikweni, ndipo imasokera pafupi ndi galimoto kapena denga la malata. Wojambula pa foni asakokere chithunzi pafupi, chifukwa kamera ikalephera kulunjika imasandutsa kadontho kukhala chimbale chonjenjemera. Ajambule pamodzi ndi mtengo, nyumba kapena mzati wa magetsi, foni itatsamira pa chinthu chosagwedera, kwa mphindi zosachepera zisanu, kuti wofufuza adzathe kuima pomwepo n'kuyeza madigiri.