Prague ndamuyenda wapansi

Anzanga, miyendo ikuwawa koma mtima uli mbee. Lero ndazungulira mzinda wakale wa Prague, likulu la dziko la Czech Republic, wapansi kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka.

Ndinayambira pa Charles Bridge, mlatho wamiyala womwe anayamba kuumanga mu 1357 pa mtsinje wa Vltava. Ndinafikapo chifunga chisanachoke pamadzi, anthu akadali ochepa, ziboliboli zitandandalika mbali zonse ziwiri. Kuchoka apo, tinjira tothina tokhotakhota tinakanditulutsira pa bwalo la Old Town Square. Pamenepo pali wotchi ya mu 1410 yomwe mpaka lero ikuyendabe. Ola likakwana, kachigoba ka munthu kamakoka chingwe cha belu, timawindo n'kutseguka, atumwi 12 n'kumadutsa mmodzimmodzi. Ndinangoti kukamwa yasa, moti ndinadikira ola lina kuti ndionenso.

Amene amangoima pang'ono kujambula zithunzi n'kumapita akudzimana zambiri. Zitseko zogoba ndi zizindikiro zakale za pamakomo umaziona ukamayenda mosapupuluma. Mukabwera muvale nsapato zofewa, miyala ya m'misewumu siichedwa kutupitsa mapazi.