Msewu wa ndege si njira yachidule

Ngozi ya ndege imene inapha anthu ambiri kuposa ina iliyonse inachitikira pansi, osati m'mwamba. Pa 27 Malichi 1977, pabwalo la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife cha dziko la Spain, ndege ziwiri za Boeing 747, ya kampani ya KLM ndi ya kampani ya Pan Am, zinawombana pamsewu wonyamukira ndipo anthu 583 anafa.

Tsikulo kunali chifunga chakuti oyang'anira ndege pansanja sankaziona ndegezo, ndipo bwalolo linalibe makina oonetsa zimene zikuyenda pansi. Kaputeni wa KLM anayamba kuthamangitsa ndege akuganiza kuti wapatsidwa chilolezo. A Pan Am anali adakali pamsewu womwewo. Iwo ndi wapansanja analankhula pawailesi nthawi imodzi, mawu n'kusokonekera. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti injiniya wa m'ndege ya KLM anakayikira, n'kufunsa ngati anzawo aja anali atachoka. Kaputeni, munthu wamkulu wophunzitsa anzake kuyendetsa ndege, anayankha motsimikiza kuti inde. Wamng'ono uja anangoti zii. Zoterezi sizinathe: pa 2 Januwale 2024 ku Haneda, mumzinda wa Tokyo, ndege ya Japan Airlines potera inagunda ndege yaing'ono yolondera panyanja imene inalowa pamsewu popanda chilolezo. Anthu asanu anafa.

Ine ntchito yanga ndi yonyamula alendo pagalimoto kuchokera pakabwalo kena ka ndege kuno ku Mangochi. Nsanja ngati ya ku Chileka kapena ku Lumbadzi palibe. Woyendetsa ndege amadalira maso ake. Koma anthu amangodutsa pakati penipeni pa msewu wa ndege, mayi atasenza nkhuni mwana kumsana, mnyamata panjinga ndi dengu la usipa, mbuzi zili pambuyo. Ndikawakuwira amati, "Achimwene, ikamabwera tiimva." Sangaimve! Ndege ikamatera injini amakhala aichepetsa mphamvu, ndipo mwera ukamawomba phokoso limapita kwina. Ukamadzatembenuka, yafika kale, ndipo ilibe mokhotera.

Ana asukulu ndi amene ndimawadera nkhawa koposa, chifukwa iwo amathamangira komweko kuti akaione pafupi. Ndapempha amfumu kuti nkhaniyi aiike pamsonkhano wa m'mudzi, ndipo Lolemba ndikaonana ndi aphunzitsi aakulu kuti ayilengeze pamzere wa m'mawa.