Anapeza ntchito chifukwa cha pulogalamu, kapena akanaipezabe?

Tiyerekeze kuti lipoti la pulogalamu yothandiza anthu kupeza ntchito likunena kuti mwa anthu 100 amene anaphunzitsidwa, 60 ali pa ntchito. Ambiri akawerenga amaomba m'manja. Koma wounika pulogalamu amafunsa china: anthu omwewa akanapanda kulowa, bwenzi angati ali pa ntchito lero? Ngati ndi 55, ndiye kuti ndalama zonse zija zagula ntchito zisanu basi. Vuto n'lakuti munthu mmodzi sungamuone ali m'kati mwa pulogalamu ndi kunja kwake pa nthawi imodzi, choncho pamafunika gulu lina lofanizira. Phunziro lonse la kaunikidwe lagona pa kasankhidwe ka gulu limeneli.

Chitsanzo chimene ndimaona kuti chimaphunzitsa bwino ndi pulogalamu ya National Supported Work ya ku America, imene inayamba mu 1975 moyang'aniridwa ndi bungwe la kafukufuku la MDRC. Inkatenga magulu anayi a anthu amene mabwana ankawakana: amayi amene akhala nthawi yaitali akulandira thandizo la boma, anthu amene anasiya mankhwala osokoneza bongo, otuluka kundende, ndi achinyamata osiyira sukulu panjira. Ankawapatsa ntchito yolipidwa kwa miyezi 12 mpaka 18, m'timagulu ta anthu a mavuto ofanana, kapitawo ali pafupi, ndipo zofunika pa ntchitoyo ankaziwonjezera pang'onopang'ono kuti munthu azolowere. M'malo khumi, oyenerera ankachitiridwa maere: ena alowe, ena ayi, koma onse n'kumatsatiridwa. Zotsatira sizinafanane. Amayi aja ndi amene malipiro awo anakwera mooneka. Osiya mankhwala anachepetsa kupalamula milandu. Kwa otuluka kundende ndi achinyamata, kusintha kunali kochepa. Patapita zaka, mu 2000, Christopher Uggen anabwerera ku manambala omwewo n'kupeza kuti ntchito inachepetsa kubwerezanso milandu kwa a zaka 27 kupita m'tsogolo, osati kwa ocheperapo.

Pamene pali phunziro lenileni ndi pa zimene Robert LaLonde anachita mu 1986. Maere anali atasonyeza kale kuti amuna olowa pulogalamu anapeza madola 886 pa chaka kuposa anzawo amene maere sanawagwere. LaLonde anachotsa dala gulu la amene maere sanawagwere lija, n'kuika m'malo mwake anthu ochokera m'kafukufuku wamkulu wa mabanja a ku America, monga mmene ounika ambiri ankachitira nthawi imeneyo. Kenako anagwiritsa ntchito njira zowerengera zimene akatswiri ankazidalira. Mayankho anabalalika. Ena anayandikira 886, ena ananena kuti pulogalamu inawonongetsa anthu madola masauzande angapo, ndipo kufanizira kwina kosaganizira kusiyana kwa anthuwo kunapereka kutsika kopitirira madola 15,000. Pulogalamu yake imodzi, olowa ake omwewo. Chimene chinasintha ndi anthu ofanizira okha. Munthu wotuluka kundende wopanda mbiri ya ntchito sungamufanizire ndi bambo wapabanja amene wakhala pa ntchito zaka khumi, ngakhale zaka zobadwa ndi maphunziro awo zitafanana papepala.

Kufanizira munthu ndi mmene analili asanalowe nakonso kuli ndi msampha wake. Orley Ashenfelter anasonyeza mu 1978 kuti malipiro a olowa maphunziro a ntchito amakhala atagwa kumene asanalembetse. N'zomveka: munthu amapita kukalembetsa ntchito itamuthera kapena matenda atamugwetsa. Ambiri akanadzuka ndithu patapita miyezi ingapo, pulogalamu ilipo kapena palibe, koma lipoti limalemba kudzukako ngati zipatso zake.

Wofuna kuchita maere ayambe ndi kulemba malamulo a woyenera kulowa, ndipo alembe anthu oposa malo amene alipo. Mafunso oyambira afunsidwe maere asanachitike, chifukwa munthu akadziwa kuti wakanidwa mayankho ake amasintha. Mafunsowo afike pa ndalama zimene wapeza ndi masiku amene wagwira ntchito kwa zaka ziwiri zapitazo ngati n'kotheka, osati mwezi wathawu wokha. Atengenso manambala a foni a achibale awiri kapena atatu ndi malo amene munthuyo angapezeke akasamuka. Maerewo achite wounika, kaya pa kompyuta kaya pagulu anthu akuona, osati wogwira ntchito m'pulogalamu. Wogwira ntchito amadziwa amene akuoneka kuti angalimbikire, ndipo mwachifundo chomwecho amamukankhira m'kati. Zikatero magulu aja asiya kufanana.

Powerengera, aliyense amakhalabe m'gulu limene maere anamuika, ngakhale amene anabwera tsiku limodzi n'kusowa. Apa m'pamene oyendetsa mapulogalamu amakangana ndi ounika, poti iwo amafuna kuwerenga omaliza okha. Koma omaliza ndi anthu amene anali ndi ndalama ya basi, wowasungira mwana, ndi thanzi lokwanira. Mukawerenga iwo okha, mukuyeza mwayi umene anali nawo kale.

Osiyira panjira ali ndi zambiri zotiuza. Ku Malawi, kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2013 anaunika maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA operekedwa kwa achinyamata ovutika, ena mwa iwo ana amasiye, amene ankaphunzira kwa amisiri m'mashopu awo. Ofufuzawo anachita chinthu chimene ambiri amachilumpha: analondola osiyira panjira. Anapeza kuti atsikana ankasiya kawirikawiri chifukwa cha matenda ndi maudindo a pabanja, pomwe anyamata ankasiya atapeza mwayi wina. Onsewo pa fomu amalembedwa kuti anasiya, koma mankhwala a mavuto awo ndi osiyana. Luso linakwera, pamene kupeza ntchito m'miyezi yoyambirira sikunasinthe kwenikweni.

Kutaya anthu potsatira ndi matenda ena. Amene sanalowe alibe chifukwa choyankhira foni yanu, ndiye amasowa ambiri kuposa olowa. Ngati mwapeza 90 mwa 100 a gulu lina ndi 65 okha a linzake, maere aja atha ntchito. N'chifukwa chake bajeti yolondolera anthu iyenera kuikidwa padera kuyambira pachiyambi, ndipo magulu onse awiri afunsidwe mafunso ofanana, mwezi womwewo, ndi ofunsa amene sakudziwa gulu la munthuyo.

Nthawi yoyezera imasintha yankho. Pulogalamu yopereka ntchito ya kanthawi imaoneka yopambana pa miyezi isanu ndi umodzi chifukwa ntchito imene mukuwerengayo ndi ya pulogalamu yomweyo. Yophunzitsa luso imaoneka yolephera pa nthawi yomweyo chifukwa anthu ali m'kalasi pomwe anzawo akusaka ntchito. Yezani pa miyezi 12, kenako 24, ndipo lekanitsani ntchito yolipiridwa ndi pulogalamu ndi imene munthu waipeza kunja. Funso lakuti "muli pa ntchito?" nalonso n'losakwanira kwathu kuno, kumene wina amayankha kuti ayi chonsecho wagwira ganyu masiku anayi ndiponso ali ndi kageni ka tomato. Funsani za masiku asanu ndi awiri apitawa: masiku angati, maola angati, ndalama zingati. Mwezi wa zokolola ndi mwezi wa njala zisafaniziridwe.

Pali chinthu chimodzi chimene maere a munthu payekha sangachione. Ku France, Bruno Crépon, Esther Duflo ndi anzawo anasinthasintha chiwerengero cha achinyamata omaliza maphunziro apamwamba olandira thandizo losakira ntchito m'madera 235: kwina palibe, kwina kotala, kwina theka, kwina magawo atatu mwa anayi, kwina onse. Mu 2013 anasindikiza zimene anapeza: othandizidwa anapeza ntchito zokhalitsa mwamsanga, koma mbali ina ya phindulo inachokera kwa anzawo a m'dera lomwelo amene anakankhidwira kumbuyo pa mzere, makamaka kumene ntchito zinali zosowa. Wophunzitsa matelala makumi atatu pa msika umodzi wa pa boma awerengenso makasitomala a matelala amene anali pakhonde paja kale.