Momwe ndinakhazikitsira netiweki yathu ya layer 2 pamwamba pa Ethereum

Pulogalamu yomwe timapanga imalemba tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri pa blockchain, kaundula wa pa intaneti wosungidwa ndi makompyuta ambiri, ndipo kuchita zimenezi pa blockchain ya Ethereum penipeni kukanatimaliza ndi ndalama ya gasi, malipiro a chilichonse chomwe walemba pamenepo. Tinagwirizana zokhala ndi netiweki yathuyathu ya layer 2, kutanthauza yomangidwa pamwamba pa Ethereum, mtundu uja amati rollup: ntchito yonse imachitikira kwa ife, koma kaundula wake amakasungidwa ku Ethereum. Zoyendetsa maseva tokha tinazikana msanga, chifukwa palibe amene ankafuna kudzutsidwa pakati pa usiku kuti sequencer, pulogalamu yondandalika zomwe anthu atumiza, waima. Alipo makampani omwe ntchito yawo ndi imeneyi, monga Conduit, Caldera, Gelato ndi AltLayer. Ndinatsekula akaunti ku imodzi mwa iwo, n'kupeza fomu yaifupi yooneka yosavuta. Mafunso ake ndi ochepadi, koma ena mwa iwo ukayankha wayankhiratu.

Loyamba linali la maziko, mapulogalamu omangirapo netiweki: OP Stack, Arbitrum Orbit, ZK Stack kapena Polygon CDK. Ndinatenga OP Stack, yomwenso kampani ya Coinbase inamangira netiweki yake ya Base mu 2023, chifukwa makontrakiti athu (mapulogalamu okhala pa blockchain, olembedwa m'chinenero cha Solidity) ndi zida zomwe tinazolowera, Foundry yokwezera makontrakiti ndi waleti ya MetaMask, zimagwira osasintha kalikonse. Pali cholipira chake. Rollup yotere imayamba yakhulupirira kuti zolembedwa ndi zoona, kenako imapereka masiku 7 kuti wina atsutse ngati pali chinyengo, choncho wotulutsa ndalama kubwerera ku Ethereum amadikira sabata yathunthu. Ndinawerenganso za gawo la eni maziko. Wolowa mu Superchain, gulu la manetiweki a OP Stack lomwe eni ake ndi a Optimism, amapereka 2.5 peresenti ya ndalama zonse zolowa kapena 15 peresenti ya phindu, malinga ndi chomwe chakula. Ku Arbitrum, netiweki yosatsamira pa Arbitrum One kapena Nova imapereka 10 peresenti ya phindu. Zimenezi pafomu sizioneka bwino, uyenera kuzifufuza wekha.

Lachiwiri ndi lomwe linandigoneka mochedwa: deta ikasungidwe kuti? Kuyambira pa 13 March 2024, pomwe Ethereum inasinthidwa ndi Dencun, ma rollup amatumiza deta yawo m'timaphukusi totchedwa ma blob, kalikonse pafupifupi 128 KB, ndipo mtengo unatsika kwambiri. Ma blob amafufutidwa pakatha masiku pafupifupi 18, nthawi yokwanira kuti aliyense wofuna atengeko n'kuona ngati zili bwino. Njira ina ndi kuika deta kunja, ku Celestia kapena EigenDA, komwe n'kotchipa kuposa apo. Koma ukatero chitetezo chako sichikudaliranso Ethereum yokha, ndipo a L2BEAT, omwe amaunika manetiweki amenewa, sakuwerengeranso ngati rollup yeniyeni. Maganizo anga ndi akuti ngati pa netiweki pakhala ndalama za anthu, ma blob ndi omwe ali oyenera. Ngati ndi masewera chabe, kunjako kulibe vuto. Ife tinasankha ma blob.

Dzina ndi chain ID sizinatenge nthawi. Nambalayi imangofunika isafanane ndi ya wina, pakuti ndi yomwe imaletsa kuti zomwe wasainira pa netiweki ina zibwerezedwe pa ina. Ya Ethereum ndi 1, ya Optimism 10, ya Base 8453. Ndinayang'ana pa Chainlist n'kutenga yomwe inalibe mwini. Gasi ndinasiya kuti azilipiridwa ndi ETH, ndalama ya Ethereum. Tokeni yathu ikanakometsa dzina, koma ikanawonjezera zovuta pa mlatho wowolotsera ndalama pakati pa Ethereum ndi netiweki yathu, ndiponso m'mawaleti a anthu.

Kenako panabwera kabokosi kakang'ono kolembamo adiresi ya mwini. Anthu ambiri amangodutsapo, chonsecho nkhani yonse yagona pamenepa. Netiweki ya OP Stack ili ndi antchito atatu ogwira usana ndi usiku: sequencer amandandalika zomwe anthu atumiza n'kutulutsa buloko masekondi 2 aliwonse, batcher amanyamula detayo kupita nayo ku Ethereum, ndipo proposer amakalemba kumeneko momwe zinthu zilili pa netiweki. Makiyi a atatuwa ndi bwino akhale ndi kampani, popeza ndi ntchito yomwe ukuilipira. Koma pali kiyi wina, wa mwini wa ProxyAdmin, amene angasinthe makontrakiti a mlatho momwe mwatsekeredwa ndalama zonse zomwe anthu alowetsa. Wogwira kiyi ameneyo ndiye mwini weniweni wa netiweki, kaya dzina lolembedwa pamwamba ndi la ndani. Ndinalembera kampaniyo mafunso atatu: kiyiyu akhala ndi ndani, akafuna kusintha makontrakiti atidziwitsa liti, ndipo tikafuna kusamuka atipatsa chiyani. Tinamvana kuti umwini ukhale pa Safe, waleti yofuna anthu angapo kusainira, ena a kwathu ndi ena a kwawo, ndiponso kuti mafayilo a genesis ndi rollup.json, ofotokoza chiyambi ndi malamulo a netiweki, tikhale nawo ife kuyambira tsiku loyamba. Popanda mafayilo amenewa sungaimike node yako, kompyuta yoyendetsa ndi kusunga netiwekiyo, ndiye kusamuka kungakhale nkhambakamwa chabe.

Batani lenilenilo ndinalidina pa netiweki yoyesera, yotsamira pa Sepolia, Ethereum yoyeserapo. Ola lisanathe ndinali ndi adiresi ya RPC yolumikizira waleti ku netiweki, tsamba la mlatho ndi Blockscout yoonerapo mabuloko. Ndinalowetsa zonsezi mu MetaMask, n'kuwolotsa ETH yoyesera, ndipo inafika patangopita mphindi zochepa. Makontrakiti anakwera ndi Foundry bwinobwino.

Kulowa n'kosavuta, choncho nthawi yambiri ndinaithera pa kutuluka. Kutulutsa ndalama kuli ndi masitepe atatu: umayamba pa netiweki yako, kenako umakapereka umboni ku Ethereum, ndipo nthawi yodikira ikatha umakamaliza komweko. Masitepe awiri omalizawa amafuna gasi wa ku Ethereum, zomwe ogwiritsa ntchito ayenera kuuzidwa asanalowe, kuopa kuti wina angawolotse ETH yake yonse n'kusowa yotulukira. Ndinayesanso njira yozemba sequencer, kutumiza lamulo kudzera pa kontrakiti ya OptimismPortal ku Ethereum. Malamulo a OP Stack amakakamiza kuti zotumizidwa chonchi zilowe mkati mwa maola 12, ngakhale sequencer atazima kapena atakana dala. Ndikofunika kuziona ndi maso zikugwira, chifukwa tsiku lomwe kampani idzagwe, khomo lotsala ndi limeneli. Pomaliza ndinaimika node yathu, ya mapulogalamu a op-node ndi op-geth, pa seva yathu, n'kuisiya iwerenge deta kuchokera ku Sepolia yokha mpaka inagwirizana buloko ndi buloko ndi ya kampani.

Kupita ku mainnet, netiweki yeniyeniyo, kunali fomu yomweija, kungoti tsopano ndalama zinali zenizeni, ndipo adiresi iliyonse tinkaiwerenga anthu awiri. Netiweki yatsopano imabadwa ili mbee, ngati msika womangidwa bwino koma wopanda wogulitsa. Munalibe USDC, tokeni yotsatira mtengo wa dola, munalibe oracle, pulogalamu yotiuza mitengo, munalibe posinthira matokeni. Zina kampani inatilumikizira pa tsamba lake, zina tinachita kukambirana ndi eni ake mmodzimmodzi, ndipo izi zinatenga nthawi yaitali kuposa kukhazikitsa netiwekiyo.

Ndalama zimatuluka mbali ziwiri: malipiro a pamwezi a kampani, ndi ETH yomwe batcher ndi proposer amawotcha ku Ethereum, kaya anthu akugwiritsa ntchito netiweki kapena ayi. Ndinaika alamu pa mawaleti awiriwo kuti izindiimbira ETH ikachepa, ndi ina yolira ngati papita nthawi yaitali batcher asanatumize kanthu. Zomwe sequencer watolera zimaunjikana m'makontrakiti a fee vault, ndipo kumapeto kwa mwezi ndimaziyerekeza ndi zotuluka kuti ndione ngati mtengo wa gasi mu kontrakiti ya SystemConfig ukufunika kukwezedwa.