Sabata ya makalata a mnyamata wa pa hatchi

Abale sabata ino ndatopa, koma si kutopa kwa thupi ayi. Amene mumandidziwa mukudziwa kale kuti ndimagwira ntchito pamalo osungirako zolemba zakale kuno kumpoto kwa England, ntchito yanga ndi kulandira mapepala amene anthu abweretsa, kuwasanja, kuwajambula pa sikana kenako nkulemba mu kompyuta kuti muli chani, kuti wina akadzawafuna mtsogolo asadzavutike. Masiku ambiri zimakhala za minda, malisiti a mashopu oti anatsekedwa kalekale, mabuku a tchalitchi, zoti munthu umagwira uku maganizo ali kumudzi. Koma Lolemba kunabwera mayi wina wachikulire ndithu, oyendera ndodo, atakumbatira kabokosi ka nsapato komanga ndi chingwe, ati ndi makalata a agogo awo aamuna amene anakamenya nawo nkhondo ya ku South Africa ija ya 1899 mpaka 1902, ya Angelezi ndi ma Boer, aja ife timati Mabunu. Ati ana anga alibe nazo ntchito izi, ndikadzatsikira kuli chete adzangotaya kudzala.

Tsiku limenelo sindinawerenge kanthu, inali ntchito ya manja basi. Makalata anapezeka 41 kuphatikizapo kabuku kakang'ono ka mthumba komwe masamba ake anamatana okhaokha. Anthu amaganiza kuti timavala magolovesi oyera ngati a pa TV, ayi, pepala lakale umaligwira ndi manja osamba bwino komanso ouma, magolovesi amakulepheretsa kulimva pepala nde umangozindikira wang'amba. Ndinachotsa mapini adzimbiri mmodzimmodzi, ena anali atadya kale pepala mpaka kusiya kabowo kofiira. Makalata ambiri analemba ndi pensulo ija yoti ikangokhudza madzi imasanduka yapepo, ndipo mmalo ena mukuoneka madontho apepo pomwe panagwera mvula kapena thukuta. Envelopu zina zilibe sitampa, anangolemba pamwamba kuti ali kunkhondo ndipo masitampa kulibe.

Lachiwiri ndi pomwe ndinakhala pansi kuyamba kumumva mnyamatayo. Anali wa gulu lotchedwa Imperial Yeomanry, limene boma la Britain linakhazikitsa kumapeto kwa December 1899 atachita manyazi pogonja katatu sabata imodzi, ku Stormberg, Magersfontein ndi Colenso. Anazindikira kuti ma Boer onse ali pa mahatchi ndipo msilikali woyenda pansi sangawapeze, nde anayamba kuitana anyamata odziwa kukwera hatchi ndi kuombera mfuti, ena ochokera ku mafamu. Uyu naye anali mwana wa mlimi. Makalata oyambirira ndi a chimwemwe chokhachokha, za sitima yapamadzi, za kusanza panyanja, za kampu ya ku Maitland pafupi ndi Cape Town, za phiri lija lafulati pamwamba. Mwana wokondwa ngati akupita ku ukwati.

Atangolowa mu Orange Free State, dziko la ma Boer, zilembo zimayamba kusintha, zimachepa ndi kufinyikana chifukwa pepala linali losowa, pena akadzaza tsamba amalitembenuza chopingasa nkulembanso pamwamba pa zomwe walemba kale, moti kuwerenga mzere umodzi zimanditengera mphindi khumi maso mpaka kutuluka misozi. Moyo wa pa kampu amaufotokoza mosabisa. Kudzuka kusanache, hatchi idye ndi kumwa iwe usanalawe kanthu, kenako khofi ndi mabisiketi ouma gwa oti uyambe wanyika, ndiwo ndi nyama ya mchitini tsiku ndi tsiku. Matenti amatsalira kumbuyo ndi ngolo nde amagona pamtetete, chishalo ndiye pilo, bulangete limodzi. Nsabwe amazitchula ngati anzake okhala nawo. Mwezi wa June akuti madzi a mu botolo amadzuka atauma ngati mwala, ine ndinakhalako ku Joni zaka zitatu ndisanabwere kuno, kuzizira kwa kumtunda kuja ndikukudziwa, kwa ku Dedza kumachepa. Pafupifupi kalata iliyonse imathera pa kupempha masokosi, fodya ndi mapepala olembapo.

Mu June 1900 momwemo akudandaula kuti patha milungu osalandira kalata ya kwawo, mpaka kufunsa ngati amayi ake akudwala kapena amukwiyira. Kalata nthawi imeneyo imatenga milungu yoposa iwiri panyanja pokha pakati pa Southampton ndi Cape Town, kenako sitima yapamtunda, kenako ngolo kusakasaka komwe gulu lake lafika. Koma ndinakumbuka kuti pa 7 June 1900 Christiaan de Wet, mtsogoleri wa ma Boer uja sankagwidwa, analanda siteshoni ya Roodewal pomwe panaunjikidwa katundu wa asilikali ndi matumba ambirimbiri a makalata, zomwe sanathe kunyamula anaziyatsa moto. Mwina mawu a mayi aja anapsera pamenepo, mwana nkumaganiza kuti amuiwala.

Lachitatu ndi lomwe landisowetsa tulo. Posanja makalata motsata madeti ndinaona kuti ena ali awiriawiri, tsiku limodzi, ina yopita kwa amayi ake ina kwa achimwene ake aakulu. Ndinaziyala pa tebulo moyandikana. Kwa amayi akuti ali bwino, akudya, dzikolo ndi lokongola, dzuwa likamalowa kumwamba kumafiira, asadandaule. Kenako masamba awiri athunthu ndi za hatchi yake, yaonda nthiti zikuwerengeka, pamsana patuluka chilonda chifukwa cha chishalo, ikutsokomola usiku, ikuyenda mutu uli pansi, wayigawirako bisiketi yake. Kwa achimwene tsiku lomwelo akuti iyeyo watsegula mmimba milungu iwiri mpaka magazi, lamba waboolanso mabowo awiri, ndipo asawauze amayi.

Nditaona zimenezo ndinabwerera kukawerenganso makalata onse a kwa amayi kuyambira pachiyambi, ndipo ndinapeza kuti nthawi zonse akafuna kunena kuti zinthu zavuta amanena za hatchi. Hatchi ili ndi njala, hatchi yatopa, hatchi ikunjenjemera ikamva mfuti. Sankanama ayi, mahatchi amavutikadi zoopsa. Angelezi anataya mahatchi opitirira 300,000 pa nkhondo imeneyi, amawagula ku Argentina, Australia, Hungary, America, nkuwaika mu sitima milungu ingapo ali chiimire, akangotsika osapuma nkomwe ulendo wa kunkhondo atasenza munthu, mfuti, zipolopolo ndi katundu zopitirira makilogalamu 100, chakudya chosakwana. Ku Port Elizabeth, komwe pano akuti Gqeberha, kuli chipilala cha 1905 cha msilikali atagwada akumwetsa hatchi madzi mu ndowa. Koma mnyamatayu amalemba za hatchi kuti mayi ake amve chinachake popanda kuwalasa mtima, ine ndikuona choncho ndipo palibe angandisinthe maganizo.

Za kumenyana kwenikweni zili mmakalata a kwa achimwene okha, ndipo si zija timaona mmafilimu za anthu othamangitsa mahatchi mikondo ili mmanja. Zimenezo zinachitikako ku Elandslaagte pa 21 October 1899 koma kwambiri inali nkhondo ya mfuti. Ma Boer amabisala pa timapiri ta miyala ndi mfuti za Mauser zosatulutsa utsi, umangomva kulira kwa chipolopolo osaona munthu. Zikatero amatsika pa mahatchi, pa anthu anayi aliwonse atatu amakwawa kupita kutsogolo, mmodzi amatsala kumbuyo atagwira mahatchi onse anayi. Iyeyu tsiku lina ndi amene anatsala, akuti kulibwino kuombera kusiyana ndi kuima chilili ndi nyama zinayi zikukoka uku ndi uku iwe ulibe pobisala. Mnzake wa mudzi umodzi anapita kutsogolo tsiku limenelo sanabwereko, madzulo iye anayenda akukoka hatchi yopanda munthu. Kwa amayi imfa imeneyi anailemba mzere umodzi. Patatha masiku asanu ndi anayi hatchi yake inagwa panjira osadzukanso, analamulidwa kuiombera yekha, ndipo kalata ya kwa amayi yonena zimenezi ndi masamba anayi, yaitali kuposa ina iliyonse mu bokosimo. Mmene ankachokapo miimba inali itayamba kale kuzungulira. Ndinadzuka pa mpando nkupita kukaima panja kaye.

Usiku ndinawaimbira amayi kumudzi pa WhatsApp, ndinawafunsa kuti amayi, kodi makalata aja agogo ankalemba ali ku Wenela mukuwakumbuka? Anati iwe mwanawe ndingaiwale bwanji, si ndine ndinkawawerengera agogo ako aakazi pakhonde ndili sitandade 4. Ati kalata iliyonse imayamba ndi ine kuno ndili bwino kaya inu kumeneko, kenako kufunsa za mbuzi, za denga, ngati chimanga chakwana. Za mu mgodi ngakhale liwu limodzi. Anadzabwera ndi chifuwa chomwe anapita nacho kumanda. Makalatawo anadyedwa ndi chiswe, palibe ndi imodzi yomwe inatsala.

Mnyamata wathuyu naye anagonekedwa mchipatala cha matenti ndi taifodi, matenda omwe anapha asilikali ambiri ku Bloemfontein mu 1900. Mwa asilikali a Britain pafupifupi 22,000 amene anafa, ochuluka anafa ndi matenda osati chipolopolo. Kwa amayi anangoti akupumulako pang'ono.

Lachinayi ndinafika pa makalata a kumapeto kwa 1900 ndi kuyamba kwa 1901, apa mtima wanga pa iye unasokonekera. Lord Roberts, mkulu wa asilikali a Britain kumeneko, anali atalamula kuti mafamu oyandikana ndi pomwe njanji yaonongedwa aziotchedwa, Kitchener atatenga udindo zinafika poipa, nyumba pafupifupi 30,000 zinapsa. Mnyamata yemwe uja analira hatchi masamba anayi akuwauza achimwene ake mmene amawapatsira amayi a pa famu mphindi zochepa kuti atulutse katundu, kenako palafini ndi machesi, nkhosa kuzibaya zonse, nkhuku kumangirira pa chishalo. Akuti sakuikonda ntchitoyi, koma mzere wotsatira akusimba kukoma kwa nkhukuzo. Amayi ndi ana aja amatengedwa pa ngolo kupita kumakampu komwe ma Boer opitirira 26,000 anafera, ambiri ana, ndi chikuku, taifodi ndi njala, zomwe Emily Hobhouse, mayi wa ku England amene anakaona makampuwo, anakaulula ku Britain mu 1901. Kunalinso makampu ena a anthu akuda amene ambiri sawatchula nkomwe, kumeneko kunafa anthu osachepera 14,000.

Ndipo mmakalata onsewa muli munthu wina amene ndinamuona mochedwa. Munthu wakuda, amayendetsa ngolo ya nyulu ya gulu lawo, ndi amene amadziwa komwe kuli madzi, ndi amene anamusonyeza mnyamatayu kupaka mafuta pa chilonda cha hatchi ndi kupinda bulangete kuti chishalo chisakhule, ndi amenenso anamukweza pa ngolo tsiku lomwe taifodi inamugwetsa. Ndawerenga, akupezeka mmakalata 9. Dzina la hatchi lalembedwa kopitirira ka 60. La munthuyu palibe ngakhale kamodzi, amangomutchula ndi mawu achipongwe aja oti sindingawalembe pano, kapena kuti mnyamata, chonsecho pena akunena yekha kuti ndi bambo wa imvi wa ana ake. Anthu akuda zikwizikwi anagwira ntchito mbali zonse ziwiri za nkhondoyi, kuyendetsa ngolo, kukumba, kuzonda adani, kusamala mahatchi, ena ananyamula ndi mfuti zomwe, koma nkhondo nkumatchedwa ya azungu okhaokha. Ndinakwiya ndithu, sindibisa, ndipo chinandipweteka kwambiri nchoti mnyamatayu zikuoneka kuti amamukonda bamboyo.

Lachisanu inali ntchito yolemba mu kompyuta. Mwa lamulo lathu mawu a mu kalata sitisintha, ngakhale otukwana umawalemba mmene alili nkuika chenjezo pamwamba, ndipo ine ndimagwirizana nazo chifukwa kufufuta ndi kubisa. Koma pa ndandanda ya anthu otchulidwa timaika okhawo amene ali ndi mayina, kutanthauza kuti bambo uja sakanapezeka paliponse, munthu wofufuza za anthu akuda pa nkhondoyi akanadutsa bokosi limeneli osadziwa. Ndinapita kwa abwana ndi makalata 9 aja mmanja, tinakambirana pafupifupi ola, iwo nkhawa yawo inali yoti tikayamba apa ndiye kuti mabokosi ena mazanamazana tiyenera kuwabwerera. Ndinati abwana, tiyambe ndi ili. Anavomera. Ndinamulembera mzere wakewake, woyendetsa ngolo wa ku Africa, dzina silinalembedwe, nkuika manambala a makalata onse momwe akupezeka ndi zomwe anachita mu iliyonse.

Cha mma 3 koloko mayi aja anabweranso kudzasaina mapepala. Ndinawasonyeza makalata awiriawiri aja, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati agogo awo mpaka imfa yawo sankalola kuti hatchi imenyedwe pamaso pawo koma za nkhondo sanakambepo. Za bambo wa ngolo anali asanamvepo nkomwe. Anandifunsa kuti ndiye dzina lake ndani, ndinati mmakalata mulibe mayi, ndawabwereza katatu. Chatsala ndi kabuku ka mthumba kaja, patsamba limodzi lomwe likutseguka pakuoneka kuti amalembamo ngongole, ndani wamubwereka fodya, ndani wamupatsa shilingi, ndipo ngongole munthu amalemba ndi dzina. Sindingakakamize masambawo ndekha, ndi pensulo ija yoopa madzi, nde ndakaika mu envelopu yake ndipo Lolemba mmawa ndikukapereka kwa mayi amene amakonza mapepala owonongeka. Mayi a ndodo aja andisiyira nambala yawo, ati akangotsegula ndiwaimbire ngakhale utakhala usiku.