Crown ikadali m'kamwa, koma yabwererako kangati kwa dokotala?

M'maphunziro athu a za mano, mutu wa ma crown (mano opanga) oikidwa pa implant (muzu wachitsulo wobzalidwa m'fupa la nsagwada) ndimauyembekeza kuti ukhala wa zipangizo basi, koma chimene chandikoka kwambiri ndi kawerengedwe kake. Kafukufuku wina wa 2012, amene anaphatikiza zotsatira za ofufuza ambiri, anapeza kuti pa ma crown 100 aliwonse a dzino limodzi, 96 amakhala akadali m'kamwa pakatha zaka 5, ndipo 89 pakatha zaka 10. Nambala zosangalatsa ndithu. Koma mkati mwa zaka 5 zomwezo, pafupifupi 9 sikuluwu yowamangira pa implant inakhwepa, 4 anamatuka pa simenti, ndipo 3 kapena 4 anabenthuka. Onsewa amalowabe m'gulu la "akadalipo", ngakhale mwini wake watopa ndi mpando wa dokotala.

Gwero la mavutowa ndalimvetsa nditabwerera ku dzino lachibadwa. Muzu wake sugundana ndi fupa, pakati pali timinyewa timene timalola dzino kunyenyeka pang'ono ukaluma, komanso timauza ubongo kuti apa waluma chinthu cholimba, leka. Implant ilibe zimenezi. Titanium, chitsulo chopangira implant, imagwirana ndi fupa mwachindunji, monga dokotala wofufuza Brånemark anasonyezera ku Sweden pa wodwala wake woyamba mu 1965. Ndiye mphamvu yonse ya nsagwada imathera pa crown ndi pa sikuluwu, ngati galimoto yopanda masipuling'i pa msewu wa zigwembe. Munthu wokukuta mano usiku ndiye amaonjeza moto, ndipo ameneyo asachoke opanda chovala cha mano chogona nacho.

Pa zipangizo zopangira crown, zirconia payokha ndi yolimba zedi, imafika cha m'ma 1000 MPa (muyeso wa kulimba). Vuto linali porcelain wokutira pamwamba kuti dzino lioneke lachibadwa, amene kulimba kwake kumangozungulira pa 100. Komanso zirconia sichedwa kutentha kokha, imachedwanso kuzizira, moti ikatulutsidwa msanga mu uvuni, porcelain uja amatsala ndi kukokana mkati mwake, n'kudzabenthuka patapita miyezi. N'chifukwa chake ambiri anasamukira ku zirconia ya chibumi chimodzi, yosakutira, makamaka kumano akumbuyo. Chipangizo china, lithium disilicate, ili pakati, cha m'ma 400, ndipo imakongola kutsogolo. Chimodzi chimene aphunzitsi amabwereza: ukapala zirconia pokonza kalumidwe, uyisalaze bwinobwino, apo ayi idya dzino loyang'anizana nalo.

Crown imamatidwa ndi simenti kapena kumangidwa ndi sikuluwu, ndipo ine ndapendekera ku sikuluwu. Inde imakhwepa, koma umatsegula kabowo, kumanganso pa mphamvu imene opanga analemba, nthawi zambiri pakati pa 25 ndi 35 Ncm (muyeso wa mphamvu yomangira sikuluwu), n'kutseka. Simenti yotsalira pansi pa nkhama siioneka, pena ngakhale pa X-ray, koma imatupitsa nkhama ndi kudya fupa mwakachetechete. Pokhapokha implant itapendekeka moti bowolo likutulukira kumaso kwa dzino, pamenepo simenti ndingaivomere.

Sabata yamawa tikuyesa kalumidwe ndi pepala lopaka mtundu losonyeza pamene mano akugundana. Akuti crown ya pa implant isagunde munthu akangotseka pakamwa pang'ono, izigunda pokhapokha akaluma mwamphamvu, ndipo ndikufuna ndione ngati dzanja langa lingathe kupala pang'ono chotero.